Njinga ya Apongozi M'buti

Ndinakwatiwa kwa Kambombo ndili mtsikana wa pakamwa posatseka. Amayi anga pondiperekeza anandiuza kuti chimene chidzandibweze kwathu si ulesi koma lilime, ndipo sananame kwenikweni. Mwamuna wanga anakhala nane dzinja limodzi lokha. Titakolola ananyamula bulangete lake ulendo wa ku migodi, monga ankachitira anyamata onse a m'chigwa muno masiku amenewo. Anandisiya pakhomo pa bambo ake ndilibe mwana, ndilibenso pathupi.

Kwathu kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'ana apongozi aamuna kumaso. Akawaona akubwera m'njira amapatukira kutchire n'kugwada, nkhope ataloza kwina, mpaka adutse. Sadya iwo akuona, sawalankhula, sakhala pamphasa imene iwo akhalapo. Zokhudzana ndiye zosatchula n'komwe. Mwambowu umatha mkazi akabereka, pamene apongozi amamupatsa nkhuku kapena mkanda anthu akuona, n'kunena kuti tsopano ndi mwana wapakhomo. Ine nkhuku yanga inali isanaikiridwe n'dzira lomwe.

Apongozi aakazi anali atamwalira ndisanabwere, choncho mawu athu ankadzera kwa azakhali, mlongo wawo wa apongozi aamunawo, amene ankamva ndi khutu limodzi, nalonso mwa apo ndi apo. Ndikafuna kunena kuti madzi osamba afunda, ndinkakuwira azakhali, apongozi ali pomwepo pansi pa mtengo wa msikidzi akumva zonse. Azakhali n'kutembenuka kuwauza kuti mkamwana akuti nkhuni zatha. Apongozi ankangovomera kuti amva, n'kunyamuka kupita kukasamba. Tinakhala choncho zaka ziwiri, ndipo munthuyo ndinkamudziwa bwino mapazi kuposa nkhope.

Chimene ndinkachidziwa bwino kwambiri chinali njinga yawo. Anaigula akugwira ntchito m'minda ya fodya kum'mwera, yakuda bii, yolemera ngati mtondo, ya keliyala yotakata kumbuyo. Inkagona m'nyumba itafunditsidwa chiguduli, pamene mbuzi zinkagona panja. M'mawa uliwonse ankaitulutsa, kuipukuta sipoko ndi sipoko, kudontheza mafuta patcheni, kenako n'kuliza belu kamodzi kuti amve ngati lagona bwino. Panalibe ankaibwereka. Ngakhale mwana wawo yemwe, mwamuna wangayo, anaikwerapo pa tsiku la ukwati wathu basi.

Belu limenelo linali langa ndisanalikhudze n'komwe, chifukwa ndi limene linkandichotsa m'njira. Ndikamachokera kumtsinje mtsuko uli pamutu, ndikangomva ngriii kumbuyo, ndinkadziwa kuti ndipatuke. Poyamba linkandikwiyitsa. Ndinkadziuza kuti ndakwatiwa kuti ndizithamangitsidwa ngati nkhuku. Patapita miyezi ndinazindikira kuti ankaliliza akali kutali kwambiri, kutali kopitirira pamene ankalizira anthu ena, kuti ndipeze nthawi yosankha pogwada popanda minga. Sindinauze munthu, koma kuyambira pamenepo ndiwo zawo ndinkaziikira nsinjiro zambiri.

Chaka chimene ndikunenachi, chitsa chinawabaya pamsongolo ali kudimba. Kanali kachilonda koti mwana sangalire nako. Anamangapo masamba n'kupitiriza ntchito. Koma zilonda za m'chigwa muno zili ndi khalidwe lake, kachilondako kanayamba kudya mnofu mozungulira mpaka kukula ngati chikhatho. Tinayesa mizu, tinayesa phulusa, tinayesa mankhwala abuluu amene anatipatsa wothandiza odwala wa kufupi ndi kwathu. Iyeyo atachionanso kachiwiri anapukusa mutu n'kunena kuti chimenechi n'cha kuchipatala chachikulu cha kumtunda, kuseri kwa mapiri. Pofika mwezi wotentha uja mvula isanagwe, apongozi sankaimanso, thupi linkatentha, ndipo fungo linkatilonjera tisanalowe m'nyumba. Nsanza zomangira ndinkachapa ndine, azakhali n'kumakawamanga.

Aliyense ankadziwa zimene zinali kubwera. Mvula ikangogwa, msewu wokwera kumtunda unkasanduka phala, mitsinje n'kudzaza, galimoto osaonekanso mpaka masika. Munthu wa mwendo wotero sakanafika masika.

Ndiye tsiku lina kunabwera galimoto. Inabweretsa mzungu wa zaulimi amene ankafuna kuyenda pansi ndi amtengatenga kutsata mtsinje, ndipo dalaivala wake ankabwerera yekha kumtunda m'mawa mwake. Galimoto zimene tinkazidziwa zinali malole. Iyi inali yaifupi msinkhu koma yaitali thupi, yobiriwira, ya mawindo mpaka kumbuyo, kumene kunali chitseko chakechake cholowetsera katundu. Dalaivalayo ankaitchula kuti steshoni wagoni, ndipo malo a katunduwo ankati buti. Anali Mchewa wa ku Fort Jameson, wa kabudula wakhaki wosita bwino ndi chipeso m'thumba la malaya. Chisenga, chilankhulo cha kwathu kuno, sankachimva, ife tinkamulankhula Chinyanja chathu chothyokathyoka. Azakhali anakamugwadira, iye anakaonana ndi bwana wake, n'kubwera ndi yankho loti atenga wodwalayo ndi womudikirira mmodzi. Anati tinyamuke dzuwa lisanakwere chifukwa kum'mawa kunkachita mdima wa mitambo.

Womudikirira ndinali ine. Panalibe wina. Azakhali sakanatha kutunga madzi ndi kutola nkhuni kumalo achilendo, ana aakazi a apongozi anakwatiwa kutali ku Chifunda, ndipo kuchipatala wodwala wopanda womuphikira ankagona ndi njala. Tinagwirizana kuti apongozi akhale kutsogolo ndi dalaivala, ine pampando wakumbuyo nkhope nditaphimba, mwambo usaphwanyike. Ndinamanga ufa, nyemba, mphika ndi mphasa, mtima uli m'malo.

M'mawa amuna anawanyamula pampando wawo wa ndalema n'kuwakhazika pafupi ndi galimoto. Dalaivala anatsegula chitseko chakutsogolo. Apongozi sanasunthe.

"Njinga yanga ilowe poyamba," anatero.

Dalaivala anaseka poganiza kuti n'nthabwala za akuluakulu. "Amdala, manje njinga ya chani? Mwendo ndi uwu, muzapalasa na chani?"

"Ndidzabwerera chiyani?"

"Muzapeza lole. Olo bwana azakutumizirani motoka."

Apongozi anayankha mwa Chinyanja chapang'onopang'ono, kuti mlendoyo amve bwino. Anati mkazi wawo anapita kuchipatala chomwecho pamachila, opanda chobwerera, ndipo anamuika komweko pakati pa anthu osawadziwa. Uthenga unafika kuno maliro atapita kale. "Munthu wopita kumtunda wopanda chobwerera ndiye kuti wawauza kale kuti amukumbire komweko. Ine ndikupita ndi njinga, ndidzabwera ndi njinga. Ikatsala, nanenso ndatsala."

Dalaivala anatiyang'ana tonse kufuna womuthandiza, koma aliyense anayang'ana pansi. Anatulutsa chipeso, kupesa tsitsi limene linali lopesa kale, n'kunena kuti, "Chabwino, bweretsani."

Amati mutu umodzi susenza denga, koma tsiku limenelo ndinaona kuti mitu yambiri nayonso imatha kuligwetsa. Amuna amene anatsala m'mudzi anali okalamba okhaokha, ndipo aliyense mwa iwo anasanduka katswiri wa galimoto imene anali asanaikwerepo. M'butimo munali kale tayala lapadera, zigubu ziwiri za petulo ndi bokosi la zitsulo. Anayamba ndi gudumu lakutsogolo, njinga itaima. Chishalo chinagunda denga. Anaitulutsa, kuigoneka, kulowetsa gudumu lakumbuyo. Pedulo inakola tayala lija. Wina anati ikwezeni, wina anati ipotozeni, wina amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi anangogwira pampu n'kumalozera nayo. Njinga inalowa mpaka pakati n'kukagunda msana wa mpando wakumbuyo, gudumu lakutsogolo ndi mahandulo zili panja ngati mbuzi yokana kulowa m'khola.

Nthawi yonseyi apongozi ankalamula ali pampando. Chitsulo chikangokhudza penti ankafuula ngati awaponda pachilonda. Madigadi yophimba gudumu itapindika pang'ono anatukwana msuweni wawo mawu amene sindingawalembe pano, munthu woti anali asanadye phala masiku angapo.

Wina anati aimange padenga. Dalaivala anakana, anati padengapo palibe zitsulo zomangirira, penti ya bwana ingakandike, ndiponso nthambi za m'njira zingaikolole tisanafike patali. Wina anati chitseko chakumbuyo chingokhala chotsegula, gudumu lizilendewera. Anakananso, anati fumbi litipha ndipo pokwera phiri zonse zikhuthukira kumbuyo. Kenako anatsegula bokosi lake n'kutulutsa sipanala.

"Tichose chabe wilo ya kusogolo. Izangena bwino bwino."

Kunena zoona, nzeru imeneyi inali yabwino, ndipo ine kuseri kwa nkhokwe kumene ndinagwada ndinavomereza ndi mutu. Koma apongozi anatambasula dzanja ngati akuletsa mwana kugwira moto.

"Bwezani chitsulo chanucho. Mukufuna muyambe kudula mwendo wa njinga, kuti kumtunda akamalize ndi wanga?"

Panalibe anaseka. Apo m'pamene ndinadziwa chimene chinkawadya mtima masiku onse aja ankangoyang'ana kudenga. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ngakhale kuti ndinkafunanso kuwagwedeza.

Dalaivala anabweza sipanala m'bokosi. Anaima kanthawi manja ali m'chiuno, kenako analowa m'galimoto, kukoka kachitsulo kena, ndipo mpando wonse wakumbuyo unapindika n'kugona chafufumimba. Buti inatalika mpaka kukafika kumsana kwa mpando wakutsogolo. Anthu anawomba m'manja ngati aona matsenga. Anasuntha zigubu, kuyala mphasa yanga pansi kuti penti isakandike, n'kulowetsa njinga chogona, gudumu lakumbuyo patsogolo, pedulo ataikweza ndi dzanja kuti idumphe tayala. Inalowa yonse. Anapotoza gudumu lakutsogolo, mahandulo n'kuloza kumwamba. Katundu wanga anamupanikiza m'mipata. Potseka chitseko chinatsala pang'ono, mpata wolowa chala. Anayesanso, ndipo tonse tinamva ngrii wofooka. Belu linkagunda galasi.

Akulimbana ndi zimenezo, azakhali anazungulira galimoto, kusuzumira pawindo, n'kufunsa ndi mawu awo okweza a anthu osamva.

"Nanga mkamwana akhala pati?"

Mpando wanga unali pansi pa njinga. Wotsala unali wakutsogolo wokha, umodzi wautali, wokwana anthu atatu atapanikizana mapewa.

Dalaivala sanaone vuto. "Azankhala pakati. Amdala ku chitseko, atambasule mwendo."

Amayi amene anaima pamenepo anagwira pakamwa. Azakhali, anthu atawabwerezera zimene dalaivala ananena, anakhala pansi n'kutambalala. Anati zimenezo sizinachitikepo chiyambire, mkamwana wosabereka kugundana ntchafu ndi apongozi ake, kuli bwino galimoto ipite yopanda kanthu. Dalaivala anati kwawonso ulemu wa apongozi ulipo, koma sanamvepo kuti munthu anafa nawo.

Ine ndinaganiza zothetsa nkhani. Ndinakwawira m'butimo kuti ndikhale pambali pa njinga. Ndinapinda miyendo, kulowetsa mutu pansi pa denga, pedulo ili m'nthiti, tcheni ikudetsa nsalu yanga yatchalitchi, fungo la petulo likundizungulitsa mutu galimoto isanalire n'komwe. Dalaivala anandikoka mkono. Anati msewu wa kuphiri uli ndi miyala yoti munthu wokhala potero angafike ali wodwala kuposa amene wamuperekeza, ndipo iye safuna mlandu.

"Manje sankhani," anatero, ulemu utamuthera. "Njinga isale, olo amai aba asale, olo mwambo wanu usale. Vonse vitatu sivingakwere. Ine niyenda, onani kumwamba."

Kum'mawa kunagunda bingu, lakutali koma lomveka. Apongozi anangoti njinga siitsika. Azakhali anati mkamwana sakhala kutsogolo. Amuna aja anayamba kukambirana zoti mwina atume munthu ku Chifunda kukaitana mwana wamkazi, ulendo woti pobwera akanapeza galimoto itafika kale kumtunda. Ndinayang'ana nsanza ya pamwendo paja, imene ndinachapa dzulo lake, itanyowa kale, ntchentche zikuizungulira. Lilime limene amayi anandichenjeza lija linandipulumuka.

"Azakhali," ndinakuwa monga mwa masiku onse, nkhope nditalozetsa kunkhokwe, "auzeni kuti ngati njinga yawo imadziwa kuphika phala ndi kuchapa nsanza za chilonda, apite nayo, ine nditsale. Ikakawaika kumtunda komweko idzabwere idzatiuze."

Amayi aja anagwiranso pakamwa. Tsiku limenelo khutu la azakhali linamva bwinobwino mawu onse, ndipo kwa nthawi yoyamba sanapereke uthenga. Ndinayamba kuganiza za njira ya kwathu ndi zimene amayi akanene pondiona ndi katundu pamutu.

Kenako ndinamva phokoso lachilendo. Apongozi ankaseka. Kunali kuseka kowawa, kosakanikira ndi chifuwa, koma kunali kuseka. Atapuma anauza amuna aja kuti awanyamule ndi mpando womwe n'kuwaika kumbuyo kwa galimoto. Anapempha mpeni. Ndi nsonga yake anayamba kumasula kasikuluwu ka belu, pang'onopang'ono, osalola wina kuwathandiza. Belu litachoka analipukuta pamalaya.

"Mkamwana," anatero. Sanauze azakhali. Anaitana ine. "Bwerani kuno."

Ndinayenda ndi mawondo mpaka pafupi ndi mapazi awo, maso ali pansi.

"Tambasulani manja."

Analiika m'manja mwanga. Linali lolemera kuposa mmene ndinkaganizira, lofunda chifukwa cha manja awo.

"Nkhuku sindingathe kuithamangitsa ndi mwendo uwu. Ili ndi limene lakhala likukuthamangitsirani kutchire. Litengeni, lisadzakuthamangitseninso. Kuyambira lero ndinu mwana wanga. Anthu inu mwamva."

"Sanabereke," anatero azakhali ali pansi pomwepo.

"Nsanza zanga wakhala akuchapa ndani? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mlongo wanga. Akadzabereka tidzamupatsanso nkhukuyo." Kenako anatsitsa mawu. "Mwananga, tandiyang'anani, ndione amene wanditukwana."

Ndinadzutsa mutu. Anali ndi maso aang'ono ofiirira ndi chipsera pachibwano chimene sindinkachidziwa. Ndinawathokoza m'Chisenga kuti yewo adada, misozi n'kuyamba kugwera pabelu. Dalaivala anakankha chitseko chakumbuyo ndi dzanja limodzi ndipo chinatsekeka bwinobwino.

Musaganize kuti mwambo wa zaka ziwiri umatha ndi mawu. Ndinakhala pakati pa amuna awiriwo nditauma ngati munsi, zigongono nditazipanikiza m'mimba, belu nditalimanga pakona ya nsalu. Galimoto ikapendekera kwa apongozi ndinkadzikankhira kwa dalaivala, iye n'kumadandaula kuti ndimugwetsera m'dzenje. Kumbuyo njinga inkalira pabampu iliyonse, ndipo apongozi ankatembenuka kuifunsa ngati ili bwino. Pachipata pamene ankaimitsa galimoto kufufuza ntchentche za kaodzera, mlonda wake anasuzumira m'buti ndi kaukonde kake n'kufunsa kuti wodwala ndi uti, mdalayu kapena njingayi, poti yagonekedwa pamphasa ndi njinga.

Tikukwera phiri, kutentha kwa thupi kunawabwerera. Anasiya kulankhula, mutu unayamba kulendewera, kenako unagwera paphewa langa. Unali wotentha ngati mwala wa pamoto. Ndinayang'ana dalaivala, iye anayang'ana msewu. Ndinatulutsa dzanja n'kuwagwira kuti asagunde chitseko, ndipo ndinawagwira choncho mpaka tinafika. Madontho oyamba a mvula anatipeza tili pamwamba, chigwa chathu chitatsala m'munsi.

Kuchipatala tinakhalako mpaka chimanga cha eni dera chinafika m'chiuno. Njinga ndinaiimika pakhonde, moyang'anana ndi windo la pamene anagona, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaipukuta iwo akuyang'anira, n'kumandiuza kuti ndalumpha sipoko. Masiku oyamba madokotala ankanong'onezana poyang'ana mwendowo, ine osagona tulo. Anaupala, anaubaya majakisoni, anatenga khungu pantchafu n'kuphimba pachilondapo. Mwendo sanaudule. Koma bondo linauma, silinkapindikanso, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti zopalasa zatha, ngakhale panalibe anazitchula.

Chimene sindinkayembekeza n'chakuti munthu amene ndinkamuyesa wosalankhula anali wolongolola kuposa ine. Anandiuza za kum'mwera, za njovu imene inawathamangitsa atanyamula thumba la mpunga pakeliyala, za mmene mwamuna wanga ankaopera atsekwe ali mwana. Ankanditsutsa pa chilichonse, mchere, moto, kapindidwe ka bulangete, ine n'kumawabwezera. Odwala anzawo ankayesa kuti ndine mwana wawo wobereka, ndipo ife sitinawakonze.

Atayamba kuyenda ndi ndodo anandipempha kuti ndiwaperekeze kumanda a kuseri kwa chipatala. Kunali kotalikirapo, choncho ndinawakweza pachishalo, mwendo woumawo uli tambalale, iwo atagwira mahandulo, ine ndikukankha dzanja lina pakeliyala lina pamsana pawo. Tinagwa kamodzi tisanaphunzire. Kumandako tinapeza milu yambiri yomera udzu, yopanda chizindikiro. Anayenda uku ndi uku, kufunsa munthu wina amene ankalima chapafupi, koma panalibe ankadziwa pamene panagona mkazi wawo. Anaima nthawi yaitali chipewa chili m'manja. Pobwerera sanalankhule, ndipo nanenso lilime langa linadziwa kukhala chete.

Atatitulutsa, lole ya wamalonda wina inatitenga mpaka pamene mtsinje unadula msewu, m'munsi mwa phiri. Njinga inakwera pamwamba pa matumba a mchere popanda mkangano uliwonse. Kuchokera pamenepo tinayenda monga tinaphunzirira kumanda kuja, iwo pachishalo, ine kumbuyo, katundu pakeliyala. Pamatope ankatsika n'kumadumphira ndodo, pamitsinje anthu a m'midzi ankatiwolotsa, wina atasenza njinga wina atabereka mdala. Tinkagona kwa achibale ndi kwa anthu ongotimvera chisoni. Mapazi anga anang'ambika, msana unkandiwawa, ndipo ndinawauza kangapo kuti njinga yawoyo ikanakhala ndi nzeru ikanaphunzira kudziyendetsa. Iwo ankati walira mvula walira matope, ndinalandira belu ndilandirenso ntchito yake.

Titafika pamene msikidzi wa pakhomo umayamba kuonekera, anandiuza kuti ndiime. Anapukuta fumbi pamalaya, kukonza chipewa, n'kutulutsa mpeni.

"Mwananga, tandibwerekani belu lanu. Ndibweza."

Ndinalimasula pakona ya nsalu. Analimangirira pamalo pake, kuliyesa ndi chala, n'kunena kuti tiyeni. Analiliza kuyambira pamenepo osalekeza, ndipo anthu anatuluka m'nyumba ndi m'minda akuthamanga, chifukwa kulira kwa belu limenelo panalibe wosakudziwa. Nditaona khamulo miyendo yanga inafuna kuchita zimene inazolowera, kupatuka n'kukagwada kutchire. Koma ndikanangochotsa dzanja, munthuyo akanagwa. Ndinalowa m'mudzi dzanja lili pamsana pa apongozi anga, mutu uli chilili.

Azakhali anatichingamira akulira ndi chimwemwe, koma ataona pamene panali dzanja langa anatsegula pakamwa kuti anene kanthu. Apongozi analiza belu. Azakhali anayesanso, iwo analizanso. Kachitatu azakhali anangoseka n'kundilandira katundu.

Tsiku lomwelo, anthu asanabalalike, anamasulanso belu lija n'kundibwezera. Njinga inakhala yopanda belu kuyambira pamenepo. Sanaipalasenso, koma ankaitulutsabe m'mawa uliwonse kuipukuta, ndipo Lamulungu ndinkawakankha kupita kutchalitchi, tikukangana njira yonse. Nkhuku ija anadzandipatsadi mwamuna wanga atabwerako ku migodi, mwana wathu woyamba atabadwa. Apongozi anakhala ndi moyo mpaka mwanayo anayamba kuwathandiza kupukuta masipoko. Atamwalira tinawaika kuno kwathu, pakati pa abale awo, pamalo pamene aliyense wa ife angathe kukulozerani.